Mutu 6: Ng'ombe Ikadwala, Alipira Ndani?

M'chaka cha 1887, sitima za asilikali a dziko la Italy zinatsitsa ng'ombe padoko la Massawa, m'mphepete mwa Nyanja Yofiira. Zinali za ndiwo za asilikaliwo, koma zina zinabwera ndi kachilombo ka matenda otchedwa rinderpest. M'zaka khumi zokha, matendawa anali atayenda kuchokera ku Eritrea mpaka ku Cape, kunsonga ya kum'mwera kwa Africa, ndipo m'madera ambiri amene anadutsa ankasiya ng'ombe imodzi kapena ziwiri pa khumi zilizonse.

Ng'ombe ikagwidwa inkayamba kutentha thupi. Kenako misozi ndi mamina zinkangoti chuchuchu, m'kamwa n'kubuka zilonda, malovu n'kumatayika. Pomaliza inkatsegula m'mimba kosalekeza, ndipo pakatha sabata imodzi kapena masiku khumi inkagwa osadzukanso. Kachilomboka n'kapachibale ndi ka chikuku. Kankagwira ng'ombe, njati, ntchefu, ngoma, nyumbu ndi njiri, koma munthu ayi.

Komabe anthu anafa nawo mliriwu. Mlimi wa kumapiri a ku Ethiopia amalima ndi ng'ombe ziwiri zokoka khasu, ndiye ng'ombezo zitatha minda inagona. Chilala ndi dzombe zinabwera pamwamba pake, ndipo njala ya pakati pa 1888 ndi 1892 inapha pafupifupi munthu mmodzi pa atatu alionse m'dzikomo. Amasai a ku Kenya ndi Tanganyika, amene chakudya chawo chinali mkaka ndi nyama, anabalalika kukapempha malo kwa mitundu ya alimi imene kale ankainyoza. Mu 1892 mliriwu unafika kumpoto kwa nyanja ya Malawi n'kusesa makola a Angonde ku Karonga, ndipo ng'ombe za Angoni a ku Mzimba nazo sizinapulumuke.

Mtsinje wa Zambezi unautchinga kwa zaka zingapo. Kumayambiriro kwa 1896 unawoloka, ndipo mwezi wa Malichi unali utafika ku Bulawayo.

Chuma chimene chimapita ndi ng'ombe

Akatswiri a zachuma akamawerengera zimene matenda a ziweto awononga, sawerenga mitembo yokha. Pali chiweto chimene chafa, pali mkaka umene wachepa, pali thole limene silinabadwe chifukwa mayi wake wapoloza. Palinso ndalama zimene zapita ku mankhwala, katemera, mipanda ndi malipiro a alangizi. Pamwamba pa zonsezo pali msika umene watsekedwa. Zimene zinachitika kum'mwera kwa Africa mu 1896 ndi 1897 zikuonetsa mbali zonsezi bwino lomwe.

Ng'ombe zoposa 2 miliyoni zinafa m'chigawochi. Nthawi imeneyo katundu yense wopita kumtunda ankayenda pa ngolo zikuluzikulu zokokedwa ndi ng'ombe 16 iliyonse. Pa msewu wochokera ku Mafeking kupita ku Bulawayo, ngolo zinatsala m'njira zitasenza katundu, ng'ombe zake zitafera pagoli. Mitengo ya ufa, shuga ndi zipangizo za m'migodi inakwera kosaneneka, ndipo amene anavutika nayo ndi anthu omwe analibe n'komwe khola. Azungu anafulumizitsa ntchito yoyala njanji, moti sitima yoyamba inalowa mu Bulawayo mu Novembala 1897.

Kwa Atswana, Andebele, Aherero, Azulu ndi Axhosa, khola ndilo linali nkhokwe ya chuma chonse. Ng'ombe inkapereka mkaka, ndowe za m'munda ndi chikopa, inkalipira malowolo ndi milandu, ndipo chaka cha njala ankaisinthanitsa ndi mapira. Mnyamata amene bambo ake anatsala ndi khola lopanda kanthu sakanatha kukwatira, komanso msonkho wa atsamunda unkamudikira. Ambiri anatenga njira ya kumigodi ya ku Kimberley ndi Johannesburg, ndipo eni migodi anapeza antchito otsika mtengo amene kale ankakana kupita.

Chinanso n'chakuti khola silidzaza msanga. Ng'ombe imakhala ndi bere miyezi isanu ndi inayi, imabereka mwana mmodzi, ndipo mwanayo amatenga zaka zitatu kapena zinayi kuti nayenso abereke. Mliri wa miyezi ingapo unasiya umphawi wa zaka zambiri. Pofuna kudzaza makola mwachangu, atsamunda a ku Rhodesia anaitanitsa ng'ombe kuchokera kunja, ndipo zimene zinachokera kugombe la Tanganyika kudzera pa Beira cha m'ma 1901 zinabweretsa matenda ena, a East Coast fever, amene amafala ndi nkhupakupa. Dziko la South Africa linalimbana nawo matenda atsopanowa zaka zoposa 50.

Mfuti, waya ndi ndulu

Njira yoyamba imene maboma anagwiritsa ntchito inali yakale. Cha m'ma 1715, Giovanni Maria Lancisi, dokotala wa Papa Clement XI, analemba malangizo othana ndi mliri womwewu ku Italy: kupha ng'ombe zodwala, kuzikwirira mozama, ndi kuletsa zamoyo kuyenda. Kumene anthu anawatsatira, malangizowa anathandiza. Mantha a rinderpest ndi amenenso anathandiza kuti sukulu yoyamba ya madokotala a ziweto ikhazikitsidwe ku Lyon, m'dziko la France, mu 1761.

Ku Africa njirayi inavuta. Asilikali ndi apolisi a atsamunda ankawombera ng'ombe zodwala pamodzi ndi zabwinobwino, eni ake akuona, nthawi zambiri popanda chipukutamisozi chokwanira. Ku Matabeleland izi zinathira mafuta pamkwiyo umene unalipo kale chifukwa cholandidwa malo ndi ziweto, ndipo mwezi womwewo wa Malichi 1896 Andebele anaukira ulamuliro wa kampani ya Cecil Rhodes. Boma la Cape linamanga mpanda wa waya wotalika makilomita pafupifupi 1,600 motsatira mtsinje wa Orange, n'kuikapo alonda a mfuti. Mu 1897 mliri unaudumpha.

Boma lomwelo linaitana Robert Koch, katswiri wa ku Germany amene anatulukira kachilombo ka chifuwa chachikulu. Iye anafika ku Kimberley kumapeto kwa 1896 ndipo anapeza kuti ng'ombe yamoyo ikabayidwa ndulu ya ng'ombe yofa ndi matendawa, imatetezeka kwa kanthawi. Arnold Theiler ndi Herbert Watkins-Pitchford anakonza njira ina yogwiritsa ntchito madzi a m'magazi a ng'ombe zimene zinachira. Njirazi zinapulumutsa ng'ombe zambiri, koma zinali zodula, zofuna katswiri pafupi, ndipo nthawi zina zinkafalitsa matenda ena.

Ulaya nayenso sanagone tulo. Mu 1920 ng'ombe zochokera ku India zopita ku Brazil zinaima padoko la Antwerp n'kusiya rinderpest m'dziko la Belgium. Zotsatira zake, mu 1924 mayiko 28 anakhazikitsa ku Paris bungwe loona za matenda a ziweto la OIE, limene lero limatchedwa WOAH. Bungweli limayerekeza kuti matenda amawononga pafupifupi 20 peresenti ya zonse zimene ziweto zikanapereka padziko lapansi chaka chilichonse.

Jakisoni mmodzi, moyo wonse

Zinthu zinasintha chifukwa cha ntchito imene inachitikira ku Muguga, pafupi ndi Nairobi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, dokotala wa ziweto wa ku Britain, Walter Plowright, ndi anzake ankamera kachilomboka m'tizigawo ta impso za mathole, n'kumakasamutsa mobwerezabwereza mpaka kanafooka. Kachilombo kofookako sikankadwalitsa ng'ombe, koma kankaiteteza moyo wake wonse. Katemerayu ankapangidwa wambiri nthawi imodzi pamtengo wochepa kwambiri, ndipo ankagwira pa ng'ombe za mtundu uliwonse, zazing'ono ndi zazikulu zomwe.

Rinderpest anali ndi zofooka zimene zinathandiza owerengera ndalama. Kachilombo kake kanali ka mtundu umodzi, ndiye katemera mmodzi ankakwanira dziko lonse lapansi. Ng'ombe yochira sinkasunga kachilomboka m'thupi n'kumapatsira zinzake mobisa. Kankafala pamene ziweto zayandikana, kudambo kapena pamsika, ndipo padzuwa kankafa msanga. Nyama zakutchire zinkadwala, koma sizinkausunga mliri kwa nthawi yaitali ngati ng'ombe zozungulira zili zotetezedwa.

Umboni wa mfundo yomalizayi unaoneka ku Serengeti. Ng'ombe za m'mphepete mwa nkhalangoyi zitalandira katemera, matendawa anazimiririka pakati pa nyumbu, ngakhale panalibe nyumbu imodzi yomwe imene inabayidwa. Nyumbu zinachuluka kuchoka pa 250,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kufika pa 1.3 miliyoni pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ulendo wa nyumbu umene lero umabweretsa alendo ndi ndalama zakunja ku Tanzania ndi Kenya ndi phindu limene sanaliike m'bajeti ya katemera wa ng'ombe.

Mu 1962 mayiko ozungulira nyanja ya Chad anayamba ntchito yaikulu yotchedwa JP15, imene inafalikira kumayiko 22 n'kutemera ng'ombe pafupifupi 70 miliyoni. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1970, matendawa anali atasowa pafupifupi paliponse mu Africa. Opereka thandizo ananyamuka, ndipo maboma, amene anali ndi mavuto ena ambiri, analeka kutemera mathole obadwa chaka ndi chaka. Anasiyanso kulipira anthu oyendera makola. Koma kachilombo kanali katatsalira m'malo awiri ovuta kufikako: kumalire a Mali ndi Mauritania, ndi kum'mwera kwa Sudan.

Mathole osatemera atakula n'kudzaza makola, mliri unabukanso kuchokera mbali zonse ziwiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 unakumana ku Nigeria, kumene Afulani ambiri oweta ng'ombe anataya chuma chawo, ndipo akatswiri anayerekeza kuti dzikolo linaluza madola pafupifupi 2 biliyoni. Ndalama zimene maboma anapulumutsa posiya ntchito ili pakatikati zinali zochepetsetsa poyerekeza ndi zimenezi.

Kumaliza ntchito

Mu 1986 nthambi yoona za ziweto ya bungwe la OAU, imene likulu lake lili ku Nairobi, inayambanso ntchitoyi pansi pa dzina la PARC, ndi ndalama zambiri zochokera kumayiko a ku Ulaya. Ulendo uno akatswiri a zachuma anatsatira ndalama iliyonse. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1999 anaona mayiko khumi ndipo anapeza kuti ntchitoyi inadya 51.6 miliyoni ya ndalama ya ku Ulaya ya nthawiyo yotchedwa ECU, potemera ng'ombe 123 miliyoni. Ng'ombe iliyonse inadya ndalama yosakwana theka la ECU imodzi. Pa ndalama imodzi iliyonse imene inalowa, panabwera phindu la pafupifupi ziwiri. Ku Tanzania phindulo linaposa katatu, pamene m'mayiko ena linangopitirira pang'ono zimene zinalowa.

Chidwi chili pa zimene zinkadya ndalamazo. Katemera weniweniyo anali gawo laling'ono. Zambiri zinkapita ku galimoto, mafuta, malipiro ndi mafiriji, chifukwa katemera wa Plowright ankafa akatenthedwa. Kumadera a nkhondo ndi achipululu, kumene kachilombo kankabisala, galimoto ya boma yonyamula ayezi sinkafika.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Jeffrey Mariner wa ku yunivesite ya Tufts ku America anapeza njira youmitsira katemerayu kuti azitha kukhala mwezi wathunthu kunja kwa firiji. Zitatero, ku Afar m'dziko la Ethiopia ndi kum'mwera kwa Sudan anayamba kuphunzitsa abusa enieniwo, osankhidwa ndi anthu akwawo, kubaya ng'ombe. Iwowa ankayenda wapansi, pa njinga kapena pa ngamila, ankadziwa kumene ng'ombe zimamwera nyengo iliyonse, ndipo eni ziweto ankawakhulupirira. Ntchito yawo inaposa ya magulu a boma, pamtengo wotsika kwambiri. Abusa omwewo ndi amene ankauza madokotala kumene matenda aonekera komaliza.

Mu 1994 bungwe la FAO linatsogolera gawo lomaliza, lofuna kuthetseratu matendawa padziko lonse. Gawoli linafuna kulimba mtima, chifukwa dziko lililonse linayenera kusiya kutemera, kenako n'kumayeza magazi a ng'ombe zazing'ono kwa zaka zingapo kuti lione ngati kachilombo kakadayendabe. Kanapezeka komaliza mu 2001, mu njati za m'nkhalango ya Meru ku Kenya. Pa 25 Meyi 2011 bungwe la OIE linalengeza kuti rinderpest watha, ndipo FAO inatsimikiza mwezi wotsatira. Anakhala matenda achiwiri kuthetsedwa ndi anthu, pambuyo pa nthomba. Kuyambira pamenepo palibe dziko limene likutemeranso ng'ombe ku matendawa, ndipo phindu likungowonjezekera chaka chilichonse.

Pamene mankhwala aposa nthenda

Si matenda onse amene amagonja chotere. A zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi ali ndi mitundu isanu ndi iwiri ya kachilombo, ndipo katemera wa mtundu wina sateteza ku unzake. Mphamvu yake imatha pakapita miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. Kuno kum'mwera kwa Africa njati zimasunga kachilomboka osadwala. Matendawa sapha kawirikawiri ng'ombe zikuluzikulu: zimatsimphina, zimaonda, mkaka umauma, kenako zimachira. Chimene chimawawa kwambiri ndi msika, chifukwa mayiko olemera sagula nyama kudera kumene matendawa abuka. Kafukufuku wa mu 2013 anayerekeza kuti m'mayiko amene matendawa ndi okhazikika amawononga madola pakati pa 6.5 ndi 21 biliyoni pachaka.

Chaka cha 2001 chinapereka phunziro losowa, chifukwa mayiko awiri anagwidwa nthawi imodzi n'kusankha njira zosiyana. Ku Britain matendawa anaonekera mu Febuluwale pamalo ophera nyama ku Essex, atachokera pafamu ya nkhumba ya kumpoto kwa England imene inkadyetsa zakudya zotsala zosaphikanso. Boma linakana katemera pofuna kubwerera msanga pamsika wakunja, ndipo linasankha kupha ziweto za pafamu iliyonse yogwidwa pamodzi ndi za mafamu oyandikana nayo. Mafamu opitirira 2,000 anapezeka ndi matendawa, koma ziweto zimene zinaphedwa zinaposa 6 miliyoni. Milu ya mitembo inkayaka moto usiku ndi usana, asilikali anaitanidwa kudzathandiza, njira za kumidzi zinatsekedwa, ndipo chisankho cha dziko chinasunthidwa kuchoka mu Meyi kupita mu Juni. Zonse pamodzi zinadya mapaundi pafupifupi 8 biliyoni. Gawo lalikulu la ndalamazi linatayika kwa eni mahotela, malo odyera ndi ena a ntchito zokopa alendo, amene sanalandire chipukutamisozi chonga cha alimi.

Ku Uruguay, dziko lodalira kwambiri malonda a nyama ya ng'ombe, mafamu ogwidwa analinso opitirira 2,000. Boma linayamba ndi kupha, koma patangopita masiku ochepa linasintha n'kutemera ng'ombe zonse za m'dzikomo kawiri. Ziweto zophedwa sizinafike 10,000, ndipo mliri unatha m'miyezi inayi. Uruguay anataya misika kwa kanthawi, koma ndalama zothanirana ndi mliriwo zinali kachigawo kakang'ono ka zimene Britain anawononga.

Botswana anasankha njira yakeyake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 wakhala akumanga mipanda yogawa dziko m'zigawo, kulekanitsa ng'ombe ndi njati, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anatsegula fakitale yake ya katemera ku Gaborone. Izi zinamutsegulira msika wa nyama wa ku Ulaya. Koma mipandayo yatseka njira za nyama zakutchire zopita kumadzi, ndipo mlimi amene khola lake lili kumbali yolakwika ya waya amagulitsa ng'ombe yake motchipa kusiyana ndi mnzake wa tsidya linalo. Matenda a m'mapapo atalowa ku Ngamiland mu 1995, boma linapha ng'ombe zonse za m'chigawocho, pafupifupi 320,000, pofuna kuteteza msika wa dziko lonse, ndipo linalipira eni ake ndi ndalama komanso ng'ombe zina.

Ku Malawi matenda a zilondawa amabuka kawirikawiri ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene ng'ombe zimadya moyandikana ndi njati za ku Lengwe. Boma likaletsa kutulutsa ziweto m'chigwa cha Shire, misika ya ng'ombe imatsekedwa, mlimi wofuna fizi ya mwana amasowa pogwira, ndipo mabutchala a ku Blantyre amayamba kuvutika kupeza nyama.

Dibi, khola la nkhumba ndi dontho la m'diso

Funso lovuta pa nkhani yonseyi ndi la amene ayenera kulipira. Munthu akatemera ziweto zake amatetezanso za mnansi wake amene sanalipire kanthu. Akapanda kutemera, amaika pangozi mudzi wonse. N'chifukwa chake matenda ofala mofulumira savomera kusiyira mlimi aliyense payekha.

Dibi ndi chitsanzo chabwino. Ku Southern Rhodesia kusambitsa ng'ombe kunakhala lamulo mu 1914, ndipo matenda a nkhupakupa anachepa kwambiri. Nkhondo yomenyera ufulu itakula m'zaka za m'ma 1970, madibi ambiri akumidzi anasiya kugwira ntchito, ndipo ng'ombe pafupifupi 1 miliyoni, zimene zinakula zosadziwa nkhupakupa, zinafa. Ku Malawi nakonso, boma litachepetsa thandizo lake pa madibi m'zaka za m'ma 1990 n'kusiyira alimi kuti azisonkha okha, madibi ambiri anauma n'kumera udzu.

East Coast fever amapha ng'ombe pafupifupi 1 miliyoni pachaka kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa, makamaka mathole ndi ng'ombe zamkaka za mtundu wakunja. Katemera wake alipo, ndipo anayambira ku Muguga komweko m'zaka za m'ma 1970: ng'ombe imabayidwa tizilombo tamoyo pamodzi ndi mankhwala a oxytetracycline, imadwala pang'ono, n'kutetezeka moyo wonse. Kuyambira mu 2014 katemerayu amapangidwa ku Lilongwe, pamalo ofufuzira za nkhupakupa a CTTBD, n'kumatumizidwa kumayiko ena. Ndi wodula, amasungidwa m'mitsuko yozizira kwambiri, ndipo kachubu kamodzi kamafuna ng'ombe zambiri zibayidwe tsiku limodzi. Kwa mwini ng'ombe yamkaka ya ndalama zambiri, masamu ake ndi osavuta. Mwini ng'ombe zamakolo, zimene zambiri zimapirira matendawa, amayamba waganiza kawiri.

Chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala, ndipo alimi a kuno alibe katemera wake. Ku Mchinji ofufuza anapeza m'zaka za m'ma 1980 kuti kachilombo kake kamabisala mu nkhupakupa zokhala m'ming'alu ya makola. Kamakhalanso miyezi yambiri mu nyama. Mlimi akaona nkhumba imodzi yafa ndipo akudziwa kuti akanena sadzalandira kanthu, amapha zotsalazo msangamsanga n'kugulitsa kwa okazinga kanyenya, ndipo matenda amakwera njinga kupita kumsika wina. Chipukutamisozi chimaoneka chodula m'bajeti ya boma, koma n'chimene chimagula uthenga wofika nthawi yabwino. Kukula kwa ngoziyi kunaoneka ku China, kumene chigodola chinalowa mu Ogasiti 2018. Pofika kumapeto kwa 2019 nkhumba za m'dzikomo zinali zitachepa ndi pafupifupi 40 peresenti, mtengo wa nyama yake utawirikiza kawiri, ndipo mitengo ya nyama inagwedezeka padziko lonse.

Pa matenda onse a ziweto zakumudzi, amene masamu ake ali poyera kwambiri ndi chitopa, chimene ena amati chideru. Chikalowa m'mudzi, makamaka miyezi yotentha mvula isanagwe, chimatha kupha nkhuku zoposa theka, mwinanso zonse. Nkhuku ndi chuma cha amayi ndi ana: ndiyo imagula sopo, makope ndi mankhwala, ndiyo imalandira mlendo. Peter Spradbrow ndi anzake a ku yunivesite ya Queensland ku Australia anapanga katemera wa I-2, wopirira kutentha, amene amangodonthezedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku. Mbewu yake anaipereka kwaulere kumayiko osauka, ndipo Malawi amapanga wake ku labotale yaikulu ya ziweto ku Lilongwe. Mtengo wa nkhuku imodzi umakwanira kutemera khola lonse la pakhomo kangapo.

Zovuta zake ndi zomwe zija za JP15, kungoti zachepa msinkhu. Botolo limodzi ndi la nkhuku mazana angapo, pamene banja lili ndi khumi kapena makumi awiri, ndiye pamafunika wotemera wa m'mudzi woyenda khomo ndi khomo, amene amalandira kangachepe pa nkhuku iliyonse. Katemerayu amafunika katatu pachaka, miyezi inayi iliyonse, chifukwa anapiye atsopano amaswedwa nthawi zonse. Anthu ambiri amakumbukira wotemera chitopa chitalowa kale. Nkhuku zimene zinali zitatenga kale matenda zikafa, mlandu umagwera dontho lija, ndipo ulendo wotsatira wotemerayo amapeza nkhuku zitatsegulidwa m'mamawa.

Pakali pano mayiko akuyesa kubwereza zimene zinachitika ndi rinderpest pa matenda ena apachibale pake, otchedwa PPR, amene amapha mbuzi ndi nkhosa. Nawonso ali ndi mtundu umodzi wa kachilombo komanso katemera wotchipa woteteza kwa zaka zambiri. Mu 2015, pamsonkhano wa ku Abidjan, FAO ndi OIE anagwirizana zowathetsa pofika 2030, ndipo anayerekeza kuti amawononga madola pakati pa 1.5 ndi 2 biliyoni pachaka. Zaka zisanu zoyambirira za ntchitoyi anaziwerengera madola pafupifupi 1 biliyoni. Chovuta n'chakuti mbuzi zimaswana ndi kugulitsidwa mofulumira kuposa ng'ombe, moti gulu lotemeredwa chaka chino limakhala litadzaza ana osatemera chaka chamawa. Matendawa ali m'mayiko oposa 70 a mu Africa, Middle East ndi Asia, ndipo ku Tanzania, dziko lochita malire ndi Malawi, Zambia ndi Mozambique, anatsimikizidwa mu 2008.